Faiba m'nyumba: kodi ndi ya ife a ku Chunga kapena ya kumayadi cabe?

Pa Sondo lina mwezi wathawu, titangotuluka Misa yaciwiri, mai wina wa m'kagulu kathu ka akhristu anandikokera pambali pafupi ndi geti. Mai ameneyu ndi wamasiye, nyumba ndi yao-yao muno mu Chunga, ndipo ali ndi munda wa maekala atatu ca ku Mumbwa Road kumene alima cimanga ndi nshawa. Mwana wao wacisamba ndi nesi ku Manchester. Mwanayo anali atatuma foni kunena kuti afuna kuikira amai ake intaneti ya faiba m'nyumba, ndalama ya mwezi ndi mwezi azilipira yekha, cifukwa watopa kuona nkhope ya amai ake itauma pa foni nkhani ili pakati.

"Aphunzitsi, ndigawireniko nzeru," anatero maiwo. "Ndivomere, kapena ndimuuze kuti ndalamayo atumize ya feteleza? Ndiopa kumukhumudwitsa mwana, komanso ndiopa kumwaza thukuta lake."

Sindinawayankhe tsiku lomwelo. Ndinapempha masabata awiri kuti ndifunse kwa odziwa, ndipo popeza ndaona kuti funso limeneli lili m'nyumba zambiri, kuyambira kuno kwathu mpaka ku Kabwata ndi Chelstone, ndati zimene ndinapeza ndiziike pano kuti tonse tiunikirane.

Tiyambe ndi cinthuco. Faiba ndi kanthambo ka galasi, koonda ngati tsitsi la munthu, kamene mkati mwake muyenda kuwala m'malo mwa magetsi. Kuwalako kuyaka ndi kuthima kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo kuyaka ndi kuthimako ndiwo mau, zithunzi ndi makalata amene tiona pa foni. Katswiri wina dzina lake Charles Kao ndiye anaonetsa mu 1966 kuti galasi loyera bwino lingathe kunyamula uthenga mtunda wautali, ndipo anadzalandira mphotho ya Nobel mu 2009. Ubwino wa galasi ndi wakuti silicita dzimbiri, mphenzi siiyendamo, ndipo mbava imene yadula nthambo ya faiba poyembekeza kopa imapeza kuti yavutika cabe, cifukwa wogula zitsulo sangaipatse ngakhale ngwee imodzi.

Ife acikulire tikumbukira kumene tacokera. Intaneti inalowa m'Zambia mu 1994 kupyolera mu ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, ndipo nthawi imeneyo maiko a mu Africa amene anali nayo anali owerengeka pa zala. Munthu unali kufunika foni ya m'nyumba ya Zamtel, kompyuta inali kulira ngati nkhuku yogwidwa isanalumikize, ndipo ukakhala pa intaneti palibe amene akanakutumira foni. Pambuyo pake tinayamba kupita ku ma kafe a mu Cairo Road, kulipira mphindi, kalata imodzi kutenga nthawi yophikira nsima. M'zaka za m'ma 2000 ZESCO inayamba kumanga faiba pamwamba pa nthambo zake zikuluzikulu za malaiti. Mu 2011 kampani ya Copperbelt Energy Corporation inagwirizana ndi Liquid Telecom kupanga CEC Liquid, ndipo mu 2015 iwowa anayamba kulowetsa faiba m'nyumba za anthu muno mu Lusaka pa dzina la Fibroniks, ndi liwiro lofika mamegabiti 100 pa sekondi. Anayambira kuti? Ku Rhodes Park, Northmead, Longacres, Kabulonga ndi malo ena otere.

Ena akamva zimenezi amakwiya, amati ife a m'komboni tinyozedwa. Ine sindiona cidani pamenepo, ndiona malonda. Kukumba mfoleni ndi kuimika mapolo kudya ndalama zambiri, ndipo kampani iyamba kumene idziwa kuti nyumba zisanu mwa khumi zidzalipira osaphonya mwezi. Kumayadi miseu ndi yoongoka, mapuloti ali ndi manambala, eni ake sasamukasamuka. Ife ambiri tinalowa pa intaneti ndi khomo lina, la foni ya m'manja. Kafukufuku wa bungwe la ZICTA wa mu 2022 anapeza kuti nyumba 33 mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno zinali ndi intaneti, kucokera pa 18 mu 2018, ndipo zoculuka mwa izo zinali kudalira netiweki ya mafoni, osati nthambo.

Tsopano pali cinthu cimodzi cimene ogulitsa safotokoza bwino, ndipo mai wathu uja atacimva theka la nkhawa yao linatha. Liwiro ndi bandulo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ife a ku Chunga tidziwa za madzi, conco tiyerekeze ndi madzi. Liwiro, limene amawerenga m'mamegabiti, ndi kukula kwa paipi. Bandulo, imene amawerenga m'magigabaiti, ndi kukula kwa dramu limene mwalipira. Mungakhale ndi paipi yaikulu ngati ya ku Iolanda yobweretsa madzi a Kafue m'tauni, koma ngati cimene mufuna ndi kudzaza kapu ya tiyi, paipiyo siikuthandizani kuposa pompi ya pa kiyosiki.

Nanga kapu yathu ndi yaikulu bwanji? Kulankhula pa WhatsApp moonana nkhope kufuna megabiti imodzi kapena awiri. Msonkhano wa pa Zoom, ngakhale wa anthu ambiri ndi zithunzi zowala, sufika mamegabiti 4. Kampani ya mafilimu ya Netflix imanena yokha kuti mamegabiti 5 akwanira kuonera filimu yowala bwino, ndipo 15 akwanira ngakhale TV zikuluzikulu za 4K zimene ambiri a ife taziona m'mawindo a mashopu cabe. Uthenga wa FISP, ndalama ya pa foni, mtengo wa soya kapena tomato ku Soweto, mawerengo a Misa a tsikulo: zonsezi sizifika ngakhale megabiti imodzi. Tiwerenge pamodzi. Nyumba ya anthu asanu, mmodzi ali pa filimu, awiri ali pa YouTube, wina alankhula ndi m'bale wa kunja, wina afunafuna za homuweki. Onse pamodzi sadutsa mamegabiti 20 kapena 25. Wogulitsa akabwera ndi mamegabiti 200 kapena 1,000, mufunseni kuti otsalawo adzagwira nchito yanji m'nyumba mwanu.

Adzakuyankhani kuti zinthu zidzatsika msanga, ndipo sadzanama. Filimu ya gigabaiti imodzi itenga mphindi 13 pa mamegabiti 10, itenga mphindi imodzi ndi masekondi 20 pa mamegabiti 100, ndipo itenga masekondi 8 pa mamegabiti 1,000. Kucoka pa mphindi 13 kufika pa mphindi imodzi, munthu amva kusiyana. Koma kucoka pa masekondi 80 kufika pa 8, mwapulumutsa nthawi yosakwana kusamba m'manja, ndipo mudzailipira mwezi uliwonse. Cina n'cakuti liwiro lija lifika pa kabokosi ka pa cipupa, osati pa foni yanu. Kucoka pa kabokosi kufika pa foni ziyenda ndi Wi-Fi, ndipo Wi-Fi iopa zipupa za mabuloko. Mafoni ochipa amene ambiri tili nao, ndi malaputopu a salaula amene tigulira ana, sangameze liwiro lonselo ngakhale mutakhala pansi pa kabokosi penipeni.

Pali nkhani inanso. Dziko lathu lilibe nyanja yamcere, conco ciliconse cimene tituma kunja ciyenera kudutsa kwa anansi athu kuti cikafike ku nthambo za pansi pa nyanja: SEACOM imene inayamba nchito mu 2009, EASSy ya mu 2010, ndi WACS ya mu 2012 imene ituluka pa Swakopmund ku Namibia. Pa 12 Meyi 2024 nthambo za SEACOM ndi EASSy zinaduka kufupi ndi Durban, ndipo intaneti inakwawa masiku angapo ku Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Kenya, kwa olemera ndi osauka mofanana. Mseu wa tara wa pakhomo panu suthandiza ngati mlatho wa kutsogolo wagwa.

Pofika apa wina angaganize kuti ndine mdani wa faiba. Iai. Ndinapita kukaceza kwa alamu anga ku Woodlands amene ali nayo zaka zingapo tsopano, ndipo cimene anayamikira sicinali liwiro konse. Anati, "Alamu, ine cimene ndigula ndi mtendere. Palibe mwana abwera kundigogodera usiku kuti bandulo yatha." Mapulani ambiri a faiba mulipira kamodzi pa mwezi, dramu n'kukhala lopanda pansi. Ndiponso faiba siisintha nkhope madzulo. Nsanja ya mafoni ili ngati minibasi: ikakwana 19 koloko, komboni yonse yabwerako ku nchito, aliyense afuna kukwera, ndiye nkhope ziuma pa foni. Nthambo yolowa m'nyumba siipanikizana motero.

Apa m'pamene ndipempha muwerengi aliyense kutenga kabuku ndi bolopeni. Tiyerekeze kuti pulani ya faiba ndi K700 pa mwezi. Pa caka ndi K8,400. Mu 2025 bungwe la FRA linali kugula saka ya cimanga ya makilogramu 50 pa K340, kutanthauza kuti faibayo idya masaka pafupifupi 25 pa caka. Mlimi wa maekala awiri adziwa kuti masaka 25 ndi thukuta lotani, kuyambira kugaula mpaka kutong'ola. Ndalama ya mwezi umodzi cabe iposa K400 imene mlimi aikako kuti alandire feteleza ndi mbeu za FISP. Mukaiona motero, faiba ioneka ngati misala.

Koma tembenuzani tsamba. M'nyumba muli anthu asanu a mafoni, aliyense agula kabandulo ka K5 tsiku ndi tsiku. Pa tsiku ndi K25, pa mwezi ndi K750. Ndalama imeneyi siiwawa cifukwa ituluka pang'onopang'ono, ngati unga wotapa ndi kapu, koma mwezi ukatha thumba lapepuka cimodzimodzi. Pali mabanja ku Kabwata, ku Chelstone, ngakhale kuno ku Chunga, amene alipira kale mtengo wa faiba kwa wogulitsa thokotaimu pa kantemba popanda kudziwa. Filimu yowala bwino idya mpaka magigabaiti 3 pa ola limodzi, yowala mwa masiku onse idya pafupifupi imodzi. Banja loonera maola awiri usiku uliwonse lamaliza magigabaiti 60 pa mwezi lisanachule za sukulu. Conco musanavomere kapena kukana, lembani mwezi umodzi wathunthu ngwee iliyonse imene nyumba yanu itaya pa mabandulo. Ana adzabisa zina, muwaonjezereko pang'ono.

Za malaiti sitingazilumphe. Tonse tikumbukira 2024. Mvula inakana, pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi a Kariba anatsika, ndipo pofika Sepitembala nyumba zambiri zinali kuona malaiti maola atatu cabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Faiba payokha siifuna magetsi m'njira, koma kabokosi ka pa cipupa ndi rauta zifuna. Malaiti akapita, intaneti yapita, koma bilu ya mwezi siicepa. Amene analipira mwezi wathunthu n'kugwiritsa nchito maola atatu pa tsiku analira. Komabe pali mbali ina imene inandidabwitsa. Tumabokosi tiwiri timeneti pamodzi sitidya magetsi ofika ngakhale theka la babu lakale la mawati 60, ndipo kabatire kakang'ono kapena kasola kangatiyendetse maola ambiri. M'caka cija nsanja za mafoni zinali kuvutika, majenereta osapuma, netiweki kumangothawa, pamene alamu anga ndi kabatire kao anali kulankhula ndi ana ao mumdima popanda vuto. Ndiye wofuna faiba awerengere batire pa mtengo woyambira. Kugula faiba yopanda batire m'Zambia muno kuli ngati kugula ng'ombe yopanda khola.

Cinthu cina cimene cikhudza ife kwambiri ndi cakuti nthambo siisamuka. Ambiri m'makomboni athu tikhala m'nyumba za lendi. Kuti aboole cipupa afunika cilolezo ca alandilodi, ndipo tsiku limene alandilodi adzakwezera lendi kapena kunena kuti mwana wao afuna nyumba, mudzanyamula mipando ndi mapoto, koma nthambo idzatsala. Kwa mlimi nkhaniyi ikula. Kuyambira Novembala mpaka kukolola, ambiri a ife tikhala kumunda, ku Chongwe, ku Chibombo, ku Mwembeshi, masabata athunthu. Faiba idzakhala ikuyaka m'nyumba yokhoma ku tauni pamene inu mwakwera pa culu kufunafuna netiweki kuti muone ngati uthenga wa feteleza wafika. Kumunda cimene cithandiza ndi foni ndi karauta ka 4G koyenda nako m'thumba. MTN inayamba 5G mu Novembala 2022, Airtel inatsatira mu 2023, ndipo mu Okutobala 2023 kunabwera Starlink, yokoka intaneti kumwamba ndi kambale, imene panthawiyo zida zake zinali kugulidwa ndalama zoposa K10,000. Imeneyo ndi ya mafamu akuluakulu, masukulu ndi zipatala za mishoni, kapena kopaletivu imene yasonkha pamodzi, osati ya mlimi mmodzi wa khasu.

Nanga ndani amene faiba imuyenera? Ine ndiona kuti ndi uja amene intaneti ndi khasu lake. Mnyamata wojambula mapulani a nyumba kapena wokonza mavidiyo a maukwati ndi maliro, amene atuma zinthu zolemera tsiku lililonse, pakuti faiba ndi yamphamvu potumiza, osati polandira pokha. Mai wowerengera mashopu ndalama ali kunyumba. Nyumba imene muli ana atatu a ku koleji. Tinaona pamene masukulu anatsekedwa pa 20 Marichi 2020 cifukwa ca Covid, ndiponso mu 2024 pamene kolera inacititsa kuti atsegulidwe pa 12 Febuluwale m'malo mwa 8 Januwale, kuti mwana wa nyumba ya intaneti yokhazikika anapitiriza kuphunzira pamene mnzake anali kusewera mpira wa mapepala. Kwa otere faiba ibweza ndalama yake. Koma ngakhale iwowa ayambe ndi pulani yaing'ono. Kukweza liwiro n'kosavuta, mungotuma foni ndipo adzakulandirani ndi manja awiri. Kutsitsa ndiye kumakhala ndi nkhani.

Ndifunanso kuponya ganizo kwa akuluakulu a maparishi ndi makopaletivu. Nthambo imodzi yolowa pa ofesi ya parishi kapena pa holo, ndi mabenchi angapo ndi batire, ingathandize ana 30 olembera malo ku makoleji, kuona zotsatira za mayeso ndi kufunsira nchito, kuposa nthambo 30 zolowa m'nyumba zimene mwezi wacitatu zidzadulidwa cifukwa ca nkhongole. Pamenepo ndiye paipi yaikulu ili ndi nchito, cifukwa otunga ndi ambiri. Koma komiti ifunse coyamba ngati cipangano cilola kugawana, makamaka ngati mudzalipiritsa anthu, pakuti kugulitsa intaneti kuli ndi malamulo ake ku ZICTA. Ndipo pakhale munthu wamkulu woyang'anira zimene ana atsegula.

Wogulitsa akafika pa geti ndi kapepala kowala, musacite manyazi kufunsa. Kodi nthambo yafika kale mu mseu uno, kapena mudzabwera nayo tikalipira? Musapereke ndalama pa lonjezo. Kodi mau akuti "yopanda malire" ndi oona, kapena pali pamene mudzacepetsa liwiro tikadya kwambiri? Cipangano ndi ca miyezi ingati, ndipo ndikaleka pakati ndilipira zingati? Kabokosi ndi kanga kapena ndi kanu? Ndipo funso lalikulu koposa, okumba ngalande kapena mathiraki akadula nthambo, mubwera pakapita masiku angati? Yankho la funso lothera ili musalitenge kwa wogulitsa. Pitani kwa neba amene ali nayo kale, makamaka amene wadutsa nayo nyengo ya mvula.

Tibwerere kwa mai wathu. Tinakhala pansi pa khonde pao ndi kabuku. Tinapeza kuti m'nyumbamo akhala iwo, mdzukulu wa giredi 6, ndi mtsikana wa mlongo wao amene agulitsa ku City Market ndipo afika usiku. Foni yoonana nkhope ndi Manchester ndi ya pa Sondo madzulo ndi pa Citatu. Miyezi isanu ya caka iwo amakhala kumunda. Mphwao atafunsa ku makampani awiri, anamuuza kuti nthambo siinafike mu mseu wao. Tinayesanso cinthu caching'ono: tinatuma foni tili m'cipinda cao cogona, pansi pa malata, pakati pa zipupa zinai, nkhope inauma. Tinatuluka kuima pa windo la ku sitingi rumu loyang'ana kumseu, nkhani inayenda bwinobwino mphindi 20.

Madzulo omwewo analankhula ndi mwana wao ine ndili pomwepo. "Mwanawe, zikomo pondiganizira," anatero. "Koma nthambo kuno siinafike, ndipo ikadzafika ine ndidzakhala kumunda. Undigulire karauta kaja koyenda nako ndi kasola kochajira. Yotsalayo uike pa feteleza wa pamwamba, cifukwa wa FISP sakwanira maekala atatu."

Mwanayo anayamba wakana. Anati, "Amai, inu nthawi zonse mudzimana." Anakambirana nthawi yaitali, za intaneti pang'ono, zambiri za msana wa amai ake ndi za amene adzawathandiza kupalira caka cino. Pothera anagwirizana kuti karauta kagulidwe, masaka anai a yureya agulidwe, ndipo mwanayo anaumirira kuti alipirenso anyamata awiri a ganyu, apo ayi feteleza satuma.

Karautako tsopano kakhala pa windo la ku sitingi rumu, pamwamba pa kabati. Bandulo yoyamba, imene inayenera kukwana mwezi, inatha m'masiku asanu ndi anai, ndipo mdzukulu uja anavomera yekha kuti anali kuonera zigoli za Patson Daka usiku ambuya ake atagona. Pasiwedi anasintha, ndipo tsopano yalembedwa kumbuyo kwa khadi la cakhumi limene maiwo ayenda nalo m'cikwama.